Wakufa Sasayina

Makina ofotokopera anali atameza pepala, ndipo Fotokope anali chogwada pansi, dzanja lili m'mimba mwa makinawo, pamene fungo linalowa m'shopu. Linali fungo la perefyumu, yothira ngati munthu akuthirira dimba. Mwini wake analowa pambuyo, akutokosa m'mano ndi kamtengo ka machesi.

"Odi muno! Mwini shopu ndi amene akupempherayu?"

Fotokope anasolola pepala lija, lili bii ndi inki, n'kuimirira. Dzina lake lenileni ankalidziwa ndi a kubanki okha. Mumsewu wonsewo, kuyambira ogulitsa mayunitsi mpaka ana asukulu, ankangoti a Fotokope. Munthu anaima pakhomoyo anamuzindikira msanga. Anamuona pamaliro a Aphunzitsi a Masamu mwezi wathawo, akukangana ndi munthu pafoni kuseri kwa tenti ulaliki uli mkati. Anali mng'ono wawo wa malemuwo, ndipo anthu ankamutcha Madilu chifukwa lero amagulitsa matayala, mawa malo, mkuja mafoni.

Koma chimene chinamutsamwitsa Fotokope chinali jekete. Inali jekete yabulauni ya zigamba m'zigongono, imene Aphunzitsi ankavala kaya kuzizire kaya kutenthe. Pa Madilu inali yothina, batani likulira pamimba. M'mphepete mwa thumba munali mukadali mbee ndi choko.

Madilu anaika chikwama pakauntala, pamwamba penipeni pa masatifiketi a kasitomala wina, n'kutulutsa laputopu.

"Mwaidziwa iyi?"

Akanalephera bwanji kuidziwa? Kwa zaka zambiri Aphunzitsi ankabwera Loweruka lililonse ndi mapepala olemba pamanja, mafunso a masamu ndi mayankho ake, ndipo Fotokope ndi amene ankawatayipira. Atagula laputopuyo, anawaphunzitsa ndi iye yemwe, mpaka anazolowera kujompha zilembo ndi zala ziwiri ngati nkhuku. Timabuku tawoto tinkayenda m'manja mwa ana asukulu mpaka kuthothoka zikuto.

"Ndaidziwa. Pepani ndi zovuta zija."

"Zinachitika, zinatha. Ife amoyo tiyeni tione zamoyo." Madilu anakoka mpando wa makasitomala n'kukhala motangadza. "Ndapeza kampani yosindikiza mabuku. Akufuna zonse zili umu, kuyambira za ana aang'ono mpaka za mayeso otsiriza. Koma kamtsikana kena ka magalasi kumeneko katsegula fayilo imodzi, kadinadina, kenako kakuti, 'Bambo, apa pakuonetsa kuti wolemba ndi wina.' Ine kuyang'ana pachikuto, dzina langa lilipo, ndinalilemba ndekha. Iko kakuti ayi, kuseri. Tandiuzani mayi, fayilo ili ndi kuseri ngati nyumba?"

"Ili nako," anayankha Fotokope. "Fayilo iliyonse imasunga dzina la amene anailemba, tsiku limene anaiyamba, ndi amene anamaliza kuigwira. Ukasindikiza papepala sizioneka, koma zilipo."

"Basi! Ndiye mukolope kuseriko. Dzina la achimwene lichoke, palowe langa. Masikunso akhale a chaka chino. Mafayilo alipo mazanamazana, imodziimodzi ndingachite kumera imvi. Ndamva kuti inu mumatha kuwasintha onse kamodzi."

Fotokope anatenga kansanza n'kuyamba kupukuta inki m'zala kuti manja apeze chochita.

Pakhoma panali kazenera kopita ku shopu yoyandikana nayo, kumene Lumo ankametera anthu. Lumo analibe kasitomala nthawi imeneyo, ndipo makutu ake sankapita kutchuthi. Anasuzumira.

"A Madilu, ndiye mwasanduka wolemba mabuku a masamu? Tandithandizani, naini kuchulukitsa ndi seveni ndi zingati?"

"Masamu anga ndi a m'thumba, achimwene. Inu metani mitu, za m'kati mwa mitu zisiyeni."

"Ayi, ndangofunsa. Mukadzafuna kumeta musadzabwere kuno. Atambwali sametana."

Madilu anaseka mokweza, ngati amuyamikira. Fotokope sanaseke.

"Bambo, munalembako funso ngakhale limodzi m'mabuku amenewa?"

"Chibale ndi fupa, mayi, sichiola. Magazi ake ndi anga. Chimene analemba mkulu wanga ndalemba ndine. Komanso taganizani bwino: wakufa sasayina. Kontilakiti ikufuna munthu wamoyo."

"Mkazi wawo ndi wamoyo."

"Alamu anga? Ali m'galimoto panjapo. Kawafunseni nokha ngati mukuona ngati ndaba."

Fotokope anasuzumira pakhomo. Patsidya pa ngalande panaima galimoto yofiira, magalasi onse otseka, dzuwa likuswa mtengo. Pampando wakumbuyo panali munthu atazolika. Nthawi yonse imene Madilu ankaseka m'shopu, mkazi wa Aphunzitsi anali akuphikika m'menemo ngati katundu woiwalika.

Anatuluka n'kukagogoda pagalasi. Mayiyo anatsegula chitseko, thukuta lili kamukamu. Anali atatha thupi kuposa momwe analili pamaliro, mphete ikuchita kuzungulira pachala.

"Asisi, mukudziwa zimene alamu anu abwerera kuno?"

"Ndikudziwa."

"Akufuna kufufuta dzina la bambo m'mabuku awo onse."

"Pasiwedi ndinawapatsa ndine." Mayiyo anayang'ana pansi. "Poyamba anati akufuna zithunzi zoika pachiliza. Kenako anabwera ndi akuluakulu a kubanja. Nyumba tikukhalayi ili pamalo a apongozi anga, mapepala ali ndi alamu angawa. Anena kuti ndikawasiyira mabuku, sandisuntha, ndipo ana awalipirira sukulu mpaka amalize."

"Mwawakhulupirira?"

"Ndikhulupirire ndani wina? Khoswe akakhala pamkhate sapheka, asisi. Ndikamugenda ndiswa mkhate wanga womwe."

"Kampaniyo ikhoza kusayina ndi inu. Ndinu mkazi wawo. Tipite tonse, ine ndikachitira umboni kuti ndinkatayipa ndine."

"Ndikabwerako ndikagone kuti ndi ana atatu? Mlandu umatenga zaka, koma mvula ikubwerayi sidikira." Anamugwira Fotokope padzanja, chikhatho chili chonyowa. "Chonde sinthani. Mukakana inu apita patsidyapo, ndipo kumeneko akatsegulatsegula chilichonse, ndi zithunzi zathu zomwe, akuseka. Bola inu, bambo ankakulemekezani. Dzina silidyedwa."

Shopu ya patsidya Fotokope ankaidziwa. Kumeneko ankasintha ngakhale magiredi pasatifiketi munthu akudikira. Anamuthandiza mayiyo kutuluka m'galimoto n'kulowa naye m'shopu, n'kumupatsa mpando wake womwe pafupi ndi fani.

"Mwamva nokha?" anatero Madilu. "Ine sindidya za amasiye. Ndikuwathandiza."

Fotokope sanamuyang'ane. Anatsegula laputopu, nalumikiza mausi yake. Pasikirini panabwera chithunzi cha Aphunzitsi atanyamula mwana wawo wotsiriza paphewa, onse awiri akuseka. Madilu anachotsa kamtengo kaja m'kamwa n'kuloza nako.

"Ichinso mudzachichotse. Ndikapita nayo ku maofesi iyi."

Nsonga ya kamtengoko inasiya kadontho ka malovu patsaya la malemu. Fotokope anakapukuta ndi m'mphepete mwa bulauzi yake.

Mafoda anali m'dongosolo ngati momwe munthu wake analili. Kalasi iliyonse foda yake, mutu uliwonse fayilo yake, ndipo ina inalembedwa kuti "Zoti ndikonzenso ndikachira." Imeneyo Fotokope anaidumpha ndi maso msanga kuti mayi uja asaione. Anali ndi kapulogalamu kamene ankagwiritsa ntchito maofesi akasintha dzina la kampani n'kufuna kuti makalata awo onse asinthidwe. Anakatsegula, nasankha mafoda onse. Mndandanda unatsika osafuna kutha, ndipo pamzere uliwonse, kumanja kwake, panali dzina la Aphunzitsi. Masiku ena anali a zaka zimene Fotokope ankatayipa yekha pakompyuta yake yakale yolira ngati thirakitala. Ena anali a miyezi yomalizira, pamene Aphunzitsi ankalembera pabedi la kuchipatala.

Kabokosi kanatseguka, kali ndi mipata yopanda kanthu: wolemba, womaliza kusintha, malo a ntchito, tsiku.

"Dzina lanu lonse," anatero Fotokope, maso ali pasikirini.

Madilu analitchula chilembo ndi chilembo, mokweza, ngati akuitanira minibasi. "Ndipo kutsogoloko muikeko Dokotala."

"Dokotala wa chiyani?"

"Wa mabuku. Makolo amagula msanga akaona Dokotala."

"Ine ndimati wa matayala," anatero Lumo pakazenera.

"Zimenezo mukaike nokha," anatero Fotokope. Analemba dzina lokhalo. Pa malo a ntchito, pamene panali dzina la sukulu imene Aphunzitsi anaphunzitsako moyo wawo wonse, Madilu anati palembedwe dzina la kampani yake ya matayala, koma mawu oti matayala achoke.

Chinatsala ndi kudina kamodzi. Fotokope anatembenukira kwa mayi uja.

"Asisi, ndikadina apa zatha. Sindingazibwezenso."

Mayiyo anagwedeza mutu movomera, maso ali pafani.

Magetsi a mumsewu umenewo ankazima tsiku lililonse, nthawi zambiri kasitomala ali pakati pa kusindikiza. Fotokope anadikira pang'ono, chala chili m'malere, akupempha mumtima kuti azime, ngakhale ankadziwa kuti laputopu ili ndi batire lake. Sanazime. Anadina.

Kamzere kobiriwira kanayamba kuyenda. Mayina anayamba kutembenuka kuchokera pamwamba kutsika m'munsi, mzere ndi mzere, mofulumira kuposa momwe diso lingawerengere. Madilu anaweramira paphewa la Fotokope, mpweya wake wa anyezi wosakanikirana ndi perefyumu ukumuomba pakhosi.

"Taonani! Taonani mmene zikuthamangira! Azungu ndi afiti ndithu."

Sipanathe nthawi yoti madzi awire m'ketulo. Kamzere kanafika kumapeto, laputopu inalira kamodzi, ndipo ntchito ya moyo wonse wa Aphunzitsi inakhala ya wogulitsa matayala, yolembedwa yonse chaka chino.

"Basi? Zomwezi?" Madilu anawomba m'manja. "Ndiye mumatidyera ndalama zaulere anthu a makompyuta inu. Tatsegulani imodzi ndione ndi maso anga."

Fotokope anatsegula buku la kalasi yotsiriza, namuonetsa kuseri kwake. Dzina lake linalipo. Madilu anamwetulira mpaka usinini kuonekera. Kenako analanda mausi n'kuyamba kutsitsa masamba, akunyadira zojambula za makona atatu zimene sankazimvetsa. Patsamba lachiwiri anaima.

"Ichi n'chiyaninso?"

Pakati pa tsambalo panali mizere itatu yokha. Madilu anaiwerenga mokweza, mwachibwana, akusintha mawu ngati wa sewero:

"'Kwa mkazi wanga, amene ankandilanda cholembera ndikaiwala kudya, ndi kundibwezera ndikakhuta. Popanda iwe bukuli likanathera m'mutu.' Hede! Achimwene analinso ndi chikondi chotere? Nanga pulogalamu yanuyo yasiyiranji zimenezi?"

"Imasintha za kuseri zokha. Za m'kati siigwira."

"Ndiye zili m'mabuku onse? Zichoke. Zonse, kamodzi, ngati muja."

"Ayi."

Sanali Fotokope amene anayankha. Mayi uja anali ataimirira, atagwira m'mphepete mwa kauntala.

"Alamu, mabuku ndakupatsani. Dzina ndakupatsani. Koma mawu awo ndi anga. Anandilembera ine."

"Alamu, ganizani ngati munthu wamkulu. Buku langa, dzina langa, kenako m'kati ndikuthokoza mkazi wondilanda cholembera? Wanga uja angandilande cholembera? Amandilanda foni basi." Anaseka yekha. Kenako anamuyang'ana mayiyo kuyambira kumutu mpaka kumapazi, pang'onopang'ono, kamtengo kakuyenda kuchoka mbali ina ya kamwa kupita ina. "Pokhapokha ngati mukufuna kuti mawuwo akhale oona. Zimenezo tikhoza kukambirana kunyumba. Ine sindikana udindo."

Ngakhale Lumo sanapeze nthabwala. Mayiyo anabwerera pampando.

Fotokope anamulanda Madilu mausi ija, nalumikiza chingwe cha pirinta, n'kusindikiza tsamba limodzi lokhalo. Pepala linatuluka lofunda. Analipereka kwa mayiyo ndi manja awiri. Kenako anazula zingwe zake zonse, natseka laputopu mwamphamvu mpaka mapini a pakauntala anadumpha.

"Tengani katundu wanu muzipita."

"Simunamalize ntchito, mayi."

"Ndamaliza. Tulukani."

"Nanga ndikulipireni zingati?"

"Tulukani, bambo, ndisanakusanzireni pa jekete ya eni ake!"

Madilu anaimirira, nakonza kolala. Sanachite manyazi ngakhale pang'ono, ankangooneka ngati munthu amene wapeza mtengo wotsika mosayembekezera.

"Chabwino, zaulere sindikana. Zotsalazi akandichotsera patsidyapo, si nkhani." Analavula kamtengo kaja pansi, naika laputopu m'chikwama, n'kuchikankhira kwa mayi uja. "Tanyamulani ichi alamu, ine ndiyankhe foni."

Fotokope anagwira chikwamacho. "Asisi, khalani. Ndikuperekezani ndekha kunyumba."

Mayiyo anali atapinda pepala lija kanayi n'kulilowetsa m'bulauzi. Anamuyang'ana Fotokope ndi maso ouma, opanda msozi ngakhale umodzi.

"Makiyi a geti ali ndi iwo," anatero motsitsa. "Zikomo chifukwa cha pepalali."

Anakoleka chikwama cha mwamuna wake paphewa n'kutuluka. Fotokope anaima pakhomo akuwayang'ana akuwoloka msewu, Madilu patsogolo akuseka pafoni, dzanja lina likuimitsa magalimoto, mayiyo pambuyo atapendekeka ndi kulemera kwa chikwama. Analowa mu shopu ya patsidya, ndipo nyimbo za kumeneko zinawameza.

Lumo anatuluka mu shopu yake, thaulo lili paphewa.

"Koma lero mwandisangalatsa, a Fotokope. Mwamuthamangitsa ngati galu wakuba mazira. Ndinatsala pang'ono kuimba nthungululu."

"Ndamuthamangitsa nditamugwirira kale ntchito yake."

"Aa, nanga mukanatani? Mwini wake anachita kukupemphani. Mukanakana inu akanachita ena."

"Akanachita ena, koma chala chikanakhala cha ena." Anayang'ana chala chake cha mkombaphala, chikadali ndi inki m'chikhadabo. "Aphunzitsi aja ndinawaphunzitsa ndekha kusunga fayilo. Ankandifunsa kuti, 'Mayi, sizisowa izi?' Ine n'kumati sizingasowe."

Lumo anakanda m'mutu. "Madzi akatayika saoleka, asisi."

Fotokope analowa m'shopu. Fungo lija linali likadali tsekeretsekere, lakakamira m'makatani ndi m'mapepala. Anatola kamtengo kaja ndi pepala lotayidwa n'kukaponya m'ngalande. Anatulutsa mpando umene Madilu anakhalapo n'kuusiya padzuwa. Anatsuka kauntala ndi sipiriti, natsukanso mausi, kenako manja ake, kawiri, ndi sopo wochapira mbale.

Atabwerera pakhomo maso ake anagwera pachikwangwani chake, chimene anachilembetsa tsiku lotsegula shopu: TIMACHITA CHILICHONSE CHA PAKOMPYUTA. Anachiyang'ana nthawi yaitali. Kenako analowa, natenga mpeni wodulira mapepala, nakwera pa kreti ya mabotolo n'kuyamba kupala utoto wa mawu apakatiwo.

"Mukuwononga chikwangwani chabwinobwino," anatero Lumo. "Ndiye chiziti chiyani tsopano? 'Timachita cha pakompyuta'? Anthu aziti mwini shopu sanapite kusukulu."

"Azinena."

Bambo wina anafika ndi envelopu m'manja, akupuma mofulumira, nafunsa ngati angamusinthire tsiku pakalata ya kuchipatala kuti abwana ake asamudule malipiro. Anati ndi kanthu kakang'ono, ka mphindi imodzi.

Fotokope sanatsike pakreti. Analoza ndi mpeni uja patsidya pa msewu, n'kupitiriza kupala.